Tenson Daka ndi Chinkhupule cha m'Nyanja Yamchere

Tenson Daka anabadwira kum'mawa, m'dera la Katete, ndipo kufikira atakwanitsa zaka makumi awiri, madzi aakulu amene ankawadziwa anali a m'dambo la kuseri kwa munda wa atate ake. Nkhondo yaikulu itafika anamulemba usilikali, koma akuluakulu poona kuti anali munthu wofatsa ndi wa mapewa otambalala, sanamupatse mfuti. Anamupatsa machira. Zaka zinayi ananyamula anthu ovulala, ndipo pa ntchito imeneyo anaphunzira kuyenda mosagwedeza katundu, ndiponso kusatsegula pakamwa asanafunsidwe. Luso loyambalo linamuthandiza. Lachiwirilo linatsala pang'ono kumulanda mkazi.

Pobwerera kwawo, sitima imene anakwera inaima masiku angapo pa doko lina la nyanja yamchere. Kumeneko msodzi wina anamupatsa chinkhupule posinthana ndi chitini cha nyama. Nkoyenera kufotokoza kuti ichi sichinali chinkhupule chija choyanga pa mpanda chimene amayi amasambitsira ana. Cha m'nyanja chimamera pa miyala pansi pa madzi, chili ndi timabowo tosawerengeka, ndipo odziwa amati si chomera ayi koma nyama, ngakhale chilibe mutu kapena mchira woti munthu atsimikizire zimenezo. Cha Tenson chinali chachikulu ngati dzungu laling'ono, chopepuka ngati chisa cha mbalame. Anachiika m'chikwama osadziwa chimene adzachite nacho.

Ku Katete sanafike. Anatsikira ku Lusaka, anaphunzira kukonza njinga, kenaka anapeza mtengo wa mkuyu m'mbali mwa msewu waukulu pafupi ndi Chongwe, nakhazika zipangizo zake pamenepo. Tsiku lina mtsikana wina dzina lake Selestina anabwera akukankha njinga ya amalume ake imene inaduka tcheni. Tenson analumikiza tchenicho mwamsanga, koma anapeza kuti masipoko nawo anafunika kuonedwa mawa lake, ndipo mabuleki mkuja. Njingayo isanathe kuchira, nkhani ya ukwati inali itayamba.

Selestina anali wa anthu a komweko, amene makolo awo analima nthaka imeneyo kuyambira kale, m'mudzi wa pakati pa mtsinje wa Chongwe ndi Palabana. Tenson analowa m'mudzimo monga mkamwini. Nkhoswe yake inali Langford, mnzake wa kum'mawa, telala amene ankakonda mawu aatali koposa nsalu zazitali. Kupyolera mwa iye, Tenson anapereka bulangete la usilikali kwa a Matthias, amalume a mtsikanayo, ndiponso khasu ndi mbale. Amayi a Selestina, a Nelesi, Tenson anawakonzera kalilole, koma kaliloleyo anasweka m'lole. Pothedwa nzeru, anatulutsa chinkhupule chija.

A Nelesi anachiika m'beseni, ndipo chinamwa madzi onse iwo akuona.

"Mkamwini uyu watibweretsera chinthu chaludzu," anatero. "Tizaona ngati mwini wake ali chimodzimodzi."

Mwina chikanathera kusambitsira adzukulu, koma mlaliki wa pa tchalitchi chawo anachiona. Iye anali atalalikira zaka zambiri za chinkhupule chimene chinakwezedwa pa bango tsiku la pa mtanda, osachionapo ndi maso. Kuyambira pamenepo, Lachisanu Loyera lililonse ankachibwereka, kuchimanga pa bango, ndi kuchikweza pamaso pa mpingo. Amayi ankalira, ndipo a Nelesi, amene kale ankakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, anayamba kukhala pa benchi loyamba. Masiku ena onse chinkhupulecho chinkagona m'chitini, chokulungidwa m'nsalu yoyera, pamalo pamene ana sankafikapo.

Tenson anali mkamwini wosunga mwambo kuposa eni mwambowo. Mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso, salankhula nawo, ndipo akakumana nawo m'njira amapatuka. Ena amapatuka pang'ono chabe, koma Tenson ankalowa m'udzu ndi njinga yomwe, ngakhale muli chitedze. Zaka zisanu ndi zitatu anakhala m'mudzimo, ndipo za apongozi ake ankadziwa mapazi okha. A Nelesi akafuna kumuuza kanthu ankalankhula ndi nkhuku.

"Inu nkhuku, muuze wina wake kuti denga la nkhokwe likudontha."

Mawa lake denga linali litafoleredwa. Anthu ankayamikira nkhuku za a Nelesi kuti zinali zomvera.

M'chaka cha 1954, mvula itangoyamba, khosi la Selestina linatupa. Linayamba ngati dzira la njiwa, koma pofika Januwale linali ngati chibakera cha mwana. Matendawa ndi aja amatchedwa chithokomiro. Amayi a m'mudzimo sanadabwe, pakuti ambiri a iwo anali nacho, ndipo ankati ndi chizindikiro cha mtundu wawo monga ena amakhala ndi mpata wa mano. Koma cha Selestina chinakulira m'kati. Pochokera kumtsinje ndi mtsuko ankaima katatu kuti apume. Polima, mpweya wake unkalira ngati chubu choboola. Tenson, amene ananyamulapo anthu ambiri obanika, ankadziwa bwino kumene kulira koteroko kumathera.

Anamukweza pa njinga napita naye ku kachipatala kena kakang'ono, kumene wopereka mankhwala anali a Peterson, munthu wowerenga ndi wanthabwala. A Peterson anagwira khosilo, napukusa mutu.

"Mankhwala ake ni madontho a ayodini," anatero, "koma botolo linauma pa Khrisimasi, ndipo katundu watsopano azabwera mvula ikatha. Pitani naye ku Lusaka. Kuja angamupatse madontho, kapena angaganize zomung'amba."

"Mpeni ayi," anatero Selestina. "Ine sinili mbuzi yoti anicheke pakhosi."

"Nanga nikapita nekha kukatenga madonthowo?" anafunsa Tenson.

"Sapatsa munthu amene sanamuone, ba Daka. Khosi lake lifunika lipite lokha, ndipo silingapite popanda mwini wake."

Selestina anatuluka nakakhala pansi pa mtengo ndi amayi ena. A Peterson anapempha Tenson kuti awaonere njinga yawo kuseri kwa nyumba, ndipo pamene iye ankamata chubu, iwo ankacheza.

"Mudziwa, madokotala akale asanakhale na mabotolo anali kuotcha chinkhupule cha m'nyanja yamchere. Phulusa lake anali kunyambititsa wodwala pang'ono pang'ono. Tinaphunzira zimenezo pa kosi. Chinthu chija chikumwa madzi a nyanja moyo wake wonse, ndiye ayodini atsalira m'thupi mwake. Koma nyanja muzaipeza kuti kuno? Mu Chongwe muli achule na ng'ona chabe!"

Anaseka kwambiri. Tenson sanaseke. Anapitiriza kupopa tayala kufikira a Peterson anamugwira dzanja kuti lingaphulike.

"Phulusa lake, wodwala anali kudya lambiri bwanji?" anafunsa Tenson.

"Kansonga ka mpeni, kawiri pa sabata. Lochuluka livulaza. Mufunsiranji, muganiza zopita ku nyanja pa njinga?"

Njira yonse yobwerera Tenson sananene kanthu. Mankhwala a mkazi wake anali m'chitini, mayadi makumi awiri kuchokera pa khomo lake, m'nyumba imene iye sakanaloledwa kulowamo. Munthu wina akanatembenuka pa njingapo ndi kuuza mkazi amene anakhala kumbuyo kwake. Tenson anaganiza kuti akauza Selestina, Selestina adzauza amayi ake, ndipo amayi ake akamva kuti chinthu cha benchi loyamba chiotchedwa adzakana, ndipo kukana kwa apongozi kulibe apilo. Anaona kuti nzeru ndiyo kuyamba wachilandira m'manja, kufotokoza pambuyo. Ndiponso nkhani ya pakati pa mkamwini ndi apongozi ili ndi njira yake, ndipo njirayo ndi nkhoswe. Anakondwera ndi maganizo akewo, pakuti anali aulemu ndi adongosolo.

Anapeza Langford akupalasa makina ake pakhonde la sitolo.

"Langford, upite kwa apongozi ukanipemphere chinkhupule chija."

Makina anaima. "Chija cha m'chitini? Ufuna uchite nacho chiyani?"

"Ukangonena kuti nichifuna."

"Iwe Tenson, mphatso siitanitsidwa ngati mbuzi yosochera. Nipase chifukwa, ningapite bwanji manja okha?"

"Chifukwa nizanena nekha, chikafika."

Langford anaganiza pang'ono, ndipo nkhope yake inawala, pakuti ntchito yovuta ndiyo imafuna mmisiri. "Usade nkhawa, mwana wa kwathu. Nizayala mawu ngati mphasa. Azachipereka akumwetulira."

Mawa lake Langford anavala jekete, nafika pabwalo la a Nelesi pamene Tenson anali ku mkuyu wake. A Matthias anaitanidwa, monga kuyenera nkhoswe ikabwera. Langford anaomba m'manja, nayamba ndi nyengo, napitirira ku mbewu, nafika ku ubwino wa maukwati a pakati pa mitundu. Poona kuti pempho lopanda chifukwa lili ngati malaya opanda kolala, anasokererapo chifukwa chake cha iye mwini, chimene anaganiza kuti chidzafewetsa mitima.

"Mkamwini wanu," anatero, "waona mmene khosi la mwana wanu lakhalira, ndipo mtima wake walemera kwambiri. Chifukwa chake apempha mwaulemu kuti chimene anabweretsa pa khomo pano chibwerere m'manja mwake."

Pabwalo panagwa bata. M'dziko limenelo, mphatso za mkamwini zimabwerera m'manja mwake tsiku limodzi lokha, ndilo tsiku limene ukwati watha. Langford mwambo umenewu ankaudziwa bwino lomwe, koma makutu ake anali otanganidwa ndi kumvera kukoma kwa mawu ake. Bata lija analiyesa ulemu.

"Tamva," anatero a Matthias. "Mumuuze abwere masana."

Langford anathamangira ku mkuyu. "Zatheka! Sanatsutse na liwu limodzi."

Tenson anafika masana ndi mtima wopepuka. Pabwalo anapeza anthu ambiri atakhala, ndipo pakati pawo panali mulu wa katundu: bulangete la usilikali lothothoka ubweya, khasu limene linatha mpaka kufanana ndi supuni, mbale, ndi chitini chija pamwamba. Pambali panali mtolo wa zovala zake, womangidwa bwino ndi luzi. Selestina sanaoneke, koma kupuma kwake kunkamveka kuchokera m'nyumba ya amayi ake.

"Ba Daka," anatero a Matthias, "katundu wanu ni uyo. Bulangete linagwira ntchito, mutikhululukire. Mwana wathu munamutenga na khosi labwino, lero laipa, ndiye simufuna kuliona. Ife sitikakamiza munthu. Ana atsala kuno, monga mudziwa. Njira ya ku Katete muikumbukira."

Tenson anayang'ana chitini chija. Mankhwala aja tsopano anali ake, operekedwa pamaso pa mboni, ndipo chimene chinasowa chinali wodwala yekha. Anatembenukira kwa Langford, amene nkhope yake inali itayamba kumvetsa.

"Akuluakulu," anayamba Langford, "ngati munganilole kuti niyalenso..."

"Imwe mwayala kale," anatero a Matthias. "Takhuta. Khalani pansi."

Tenson anayang'ana uku ndi uku, naona nkhuku zikupalasa pafupi ndi mtondo. Anagwada, nayang'ana kwa izo.

"Inu nkhuku, muuze..."

"Nkhuku zanga zilibe mawu na munthu wa m'njira," anatero a Nelesi ali pakhomo.

A Matthias, amene anali munthu wachilungamo ngakhale atakwiya, anakanda chibwano. "Mlongo wanga wanena zoona. Munthu uyu salinso mkamwini. Ni mlendo chabe, ndipo mlendo alankhula na aliyense. Ba Daka, ngati muli na mawu, nenani mwekha, muyang'ane amene mulankhula naye."

Motero chimene ukwati unamuletsa zaka zisanu ndi zitatu, kutha kwa ukwati kunamulola tsiku lomwelo. Tenson anakweza maso pang'onopang'ono kuchokera ku mapazi amene ankawadziwa. Anaona mayi wamfupi, wa maso akuthwa ngati a Selestina, ndipo pansi pa chibwano chawo panali chithokomiro chachikulu kawiri kuposa cha mwana wawo. Mudzi wonse unkachidziwa. Iye yekha, chifukwa cha ulemu wake, anali asanachionepo.

Analankhula movutika, ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa. Ananena za botolo louma, za madokotala akale, za madzi a nyanja amene chinkhupule chimamwa, ndi za phulusa. Ananena kuti sanafune bulangete, kapena khasu, kapena njira ya ku Katete. Anafuna kuti mkazi wake apume.

Asanamalize, Selestina anatulukira kumbuyo kwa amayi ake. Maso ake anali ofiira.

"Ndiye munadziwa kuchokera tsiku lija?" anafunsa. "Ine nili kumbuyo kwanu pa njinga... njira yonse..." Anaima kuti akoke mpweya, ndipo anthu onse anadikira naye. "Munapita kukauza telala. Mwini khosi... simunamuuze."

"Ngakhale ine sananiuze, mulamu," anatero Langford.

"Imwe khalani chete," anayankha anthu angapo pamodzi.

Tenson anangoweramitsa mutu.

A Nelesi anayenda mpaka pa mulu uja, naima pafupi ndi chitini. "Mufuna kuotcha chinthu cha Lachisanu Loyera," anatero. "Nichifukwa chake munabisa. Munaganiza kuti nizasankha benchi, nisiye mwana wanga."

Tenson sanakane, pakuti zinali zoona.

"Chabwino. Tsopano niuzeni, ba mlendo. Chinthu ichi ni chanu kapena ni changa? Mukachinyamula ni chanu, muotche mmene mufunira, koma mupite nacho pamodzi na mtolo wanu. Mukanibwezera, ukwati ulipo, koma chinthu ni changa, ndipo nizachita nacho chimene nifuna ine. Mwina nizachibwezera m'nyumba."

Apa mpamene panali povuta. Akachitenga, sakanaloledwa kupatsa kanthu kalikonse mkazi amene salinso wake. Akachibweza, zonse zinali m'manja mwa munthu amene iye anali atangomunyoza pamaso pa abale ake. Panalibe nkhoswe yoti imuthandize, ndipo dongosolo lake lonse linali litatha. Anatola chitinicho, anayenda chogwada, nachipereka kwa a Nelesi ndi manja awiri.

A Nelesi anachilandira. Anatsegula, anafunyulula nsalu yoyera, nayang'ana chinkhupulecho nthawi yaitali. Anachisisita ndi chala monga munthu amasisita nkhuku imene waiweta yekha asanaipereke kwa alendo.

"Ba mlaliki azakweza bango lokha chaka chino," anatero. "Anthu aziganizira. Tengani phale, musonkhe moto."

Anachidula okha ndi mpeni, anaika zidutswazo m'phale, navundikira ndi phale lina. Fungo limene linatuluka linali ngati la nthenga zopserera zosakaniza ndi nsomba yakale, ndipo amayi ena amene kale ankalira pochiona m'tchalitchi anagwira mphuno. Chitapsa anachipera pa mwala. Dzungu lonse lija linasanduka phulusa lakuda losadzaza ngakhale kapu imodzi.

Pamene ankapera, mbiri inali itazungulira mudzi. Tenson atatembenuka anaona amayi asanu ndi awiri atakhala mumzere pa mphasa, aliyense ndi khosi lake lotupa, aliyense wa mtundu umenewo. M'mudzimo, chabwino chikalowa pa khomo chimagawidwa kuyambira kwa wamkulu kutsikira kwa wamng'ono, ndipo mwa onse amene anali ndi chithokomiro, wamng'ono anali Selestina.

Tenson anatsegula pakamwa kuti achonderere. A Matthias anakweza chala.

"Ba Daka, mphatso yalandiridwa. Ndimwe mkamwini tsopano. Maso pansi."

Anatsitsa maso. Ufulu wake wolankhula unakhala nthawi yosakwana kuphika nyemba. Anamva supuni ikugunda kapu, kamodzi, kawiri, katatu, ndipo kugunda kulikonse kunali ngati kukuchotsa mpweya m'chifuwa cha mkazi wake. Pomaliza sanathe kupirira. Anafunafuna nkhuku, napeza tambala mmodzi pafupi ndi nkhokwe.

"Iwe tambala," anatero, "uuze eni ake kuti ni kansonga ka mpeni chabe, kawiri pa sabata. Lochuluka livulaza. Ndiponso uwauze kuti ena makosi awo ni aakulu koma apuma bwino."

"Tambala wamva," anatero a Nelesi. "Auze wina wake kuti kugawa ninayamba iye asanabadwe."

Anapatsa mayi aliyense katsinidwe kamodzi pa tsamba, kokwanira kuti wina asadzanene kuti anamanidwa. Selestina naye analandira kake, kofanana ndi ka ena. Zotsala, zimene zinali zoposa theka, zinali gawo la mwini chinthu, ndipo palibe akanatsutsa. A Nelesi anazithira m'kabotolo, anatseka ndi chitsononkho, naika m'manja mwa mwana wawo.

"Amama, nanga imwe?" anafunsa Selestina.

"Chithokomiro changa nakhala nacho zaka makumi atatu. Tinazolowerana. Chikachoka, ningamve mphepo."

A Matthias analamula kuti Tenson apereke mbuzi chifukwa chosonkhanitsa anthu pachabe, ndi kuti Langford asokerere bulangete lija, popeza linali litaonekera poyera kuti ndi long'ambika. Mtolo wa zovala unabwerera m'nyumba. Selestina nayenso anabwerera, koma mawu ake sanabwerere naye. Ankaphika, ankasamalira ana, ankanyambita phulusa lake Lachiwiri ndi Loweruka, koma kwa mwamuna wake ankangoti inde kapena ayi. Tenson anafuna kuyeza khosilo ndi ulusi kuti aone ngati likuchepa, koma iye anamukaniza.

"Mukafunse telala," anatero. "Ali na tepi."

Motero kwa miyezi itatu Tenson sanadziwe ngati mankhwalawo akugwira ntchito. Ankangomvetsera. Masiku ena ankaganiza kuti kulira kwa mpweya kwachepa, masiku ena ankaganiza kuti makutu ake angozolowera. Lachisanu Loyera linafika, mlaliki anakweza bango lopanda kanthu, ndipo amayi analira monga mwa masiku onse. A Nelesi sanachoke pa benchi loyamba, ndipo palibe amene analimba mtima kuwachotsapo.

Sitinganene motsimikiza kuti phulusa lija linachita zotani m'thupi mwa Selestina, pakuti palibe dokotala amene anamuyeza, ndipo khosi lake silinabwerere konse mmene linalili pa utsikana. Chimene tinganene ndi chimene chinachitika m'mwezi wa Meyi, pa nthawi yokolola. Munda wawo unali kumunsi, pafupi ndi mtsinje, ndipo njira yopita ku mudzi inali yokwera. Tsiku limenelo Selestina anasenza dengu la chimanga, Tenson anamanga thumba pa njinga nayamba kukankha pambuyo pake. Atangotuluka m'munda, thumba linapendekeka, ndipo ngala zingapo zinagwa.

"Taonani," anatero Selestina osatembenuka. "Kumanga thumba mulephera, koma kumanga nkhani mudziwa."

Ndipo anayamba. Anayambira pa njinga ija tsiku lochokera ku chipatala, mmene anayang'anira msana wa mwamuna wake mtunda wonse, msana uli chete ngati khoma. Ananena za mmawa umene anamva kuchokera m'kamwa mwa telala wovala jekete kuti khosi lake lalemetsa mtima wa munthu. Ananena za mtolo wa zovala umene anaumanga yekha ndi manja ake, akulira, nasankha luzi labwino kuti zisagwe m'njira. Anafunsa ngati ku Katete amuna onse amakwatira akazi kuti azilankhula ndi atambala. Anafunsa ngati ku nkhondo anawaphunzitsa kuti wodwala ndi katundu, woti anyamulidwe osauzidwa kumene akupita. Anadutsa pa chulu pamene kale ankatula dengu, osaima. Anadutsa pa mtengo wa msuku, mawu akutuluka ngati madzi a m'ngalande. Anthu amene ankakolola m'minda ya m'mbali anaweramuka kuti amve bwino.

Tenson ankakankha njinga pambuyo, akumvetsera ndi mtima wake wonse. Sankamvetsera mawuwo kwenikweni, ngakhale anali oyenera kumvedwa. Ankamvetsera pakati pa mawuwo, pamene mpweya umalowera, ndipo sanamvepo kulira kulikonse. Pofika pa nkhokwe, Selestina anatula dengu, natembenuka kuti amalize, ndipo anapeza mwamuna wake akumwetulira mpaka mano onse kuonekera.

"Museka? Ine nikamba zopweteka, imwe museka?"

"Siniseka, amake mwana," anatero Tenson. "Pitirizani. Munali pa nkhani ya luzi."

Selestina anakoka mpweya wautali, wodzaza chifuwa chonse, nayambiranso pachiyambi.